Onyanyalira anzawo m'buku la Sembène

Kwa miyezi itatu tsopano ndakhala ndikumasulira m'Chichewa buku la Sembène Ousmane lotchedwa Les bouts de bois de Dieu, lomwe linatuluka mu 1960. Limasimba za sitalaka ya ogwira ntchito panjanji ya Dakar-Niger, yomwe inayamba mu Okutobala 1947 n'kutha mu Malichi 1948. Ntchitoyi ndikuigwirira kuno ku Pretoria North, kumene ena mwa aneba anga amalawirira kumafakitale a galimoto ku Rosslyn.

Sembène ndi katswiri polemba za njala. Ramatoulaye akamapha nkhosa ya mlongo wake itawadyera mpunga, owerenga umamva m'mimba kulira. Amayi akamayenda wapansi kuchoka ku Thiès kupita ku Dakar, Penda n'kuomberedwa polowa mumzinda, palibe chimene wolemba wabisa.

Koma pali pamene bukuli lathamanga. Chimene chimagonjetsa mabwana si anjanji okha ayi. Bakayoko atalankhula pamsonkhano ku Dakar, antchito a ntchito zina nawonso amanyanyala, mzinda wonse n'kuima. Anthu amenewa Sembène wawapatsa masamba ochepa chabe, ngati kuti kusiya ntchito chifukwa cha mlandu wa mnzako n'kosavuta. Sitilowa m'nyumba zawo kukamva mkazi akufunsa mwamuna wake kuti ana agonerenji ndi njala pamene malipiro akukanganiranawo ndi a eni.

Funso limenelo kuno n'lamoyo. Gawo 66 la lamulo la ntchito la 1995 limalola sitalaka yothandiza anzako, koma limafuna kuti bwana wako umudziwitse kudakali masiku 7, ndiponso kuti kunyanyala kwako kukhale ndi njira yokhudzira bwana wa eni mlanduwo. Mu 2019 bungwe la AMCU litafuna kuti a m'migodi ina anyanyale pothandiza anzawo a ku Sibanye, khoti la ntchito linaletsa. Ngakhale khoti litalola, masiku onyanyalawo salipidwa, ndipo lendi sadikira.

Kwathu timati maliro n'kulirana. Koma wopita kumaliro a mnzake amasiya munda wake wosalima, ndipo mtengo umenewo ndiwo umapatsa ulemu kulirako. Bukuli ndimalikonda, ndipo ndilimasulira mokhulupirika, osaonjezamo kanthu. Chikhalirecho mutu umene ndikadakonda kwambiri kumasulira, wa munthu wonyamula katundu padoko amene anataya malipiro ake chifukwa cha anjanji osawadziwa n'komwe, Sembène sanaulembe.