Kona yosowa ya al-Khwarizmi

Samu yake ndi iyi: x² + 10x = 39. Mwana wa Fomu 3 akaipeza pa homuweki amathamangira fomyula ija analoweza ngati nyimbo ya kwaya, kenako n'kudina kakyuleta. Yankho limatuluka ndithu. Koma samu imeneyi ili ndi mwini wake, ndipo mmene iye ankaisovera mpamene pagona luso.

Muhammad ibn Musa al-Khwarizmi ankagwira ntchito ku Baghdad m'nthawi ya ulamuliro wa al-Ma'mun. Cha m'ma 820 analemba buku lomwe mutu wake uli ndi mawu akuti al-jabr, kumene kunachokera dzina loti algebra. M'buku monsemo simupezamo x. Zonse n'zofotokoza pakamwa, ngati mkulu akuweruza mlandu wa malire a munda. Chimene ife timati x² iye ankachitcha chuma, x ankamutcha muzu, ndipo nambala wamba inkakhala ndalama za dirham. Ankalembera anthu ogawa chuma cha masiye, amalonda ndi oyeza malo.

Tengani choko. Jambulani sikweya, mbali iliyonse x: imeneyo ndi nyumba. Tsono 10x uja musamunyamule yense, mugaweni pakati. Theka loyamba mulimate kumanja ngati khonde, x m'litali, 5 m'lifupi. Theka linalo likhale khonde lakumaso. Nyumba ndi makonde ake awiri, malo onse pamodzi ndi 39. Tsopano yang'anani pakona pamene makondewo akanakumana. Pali mpata, 5 uku, 5 uku. Tsekanipo ndi 25, ndipo chinthu chinali chopunduka chija chasanduka sikweya yathunthu ya 64. Mbali yake ndi 8. Chotsanipo khonde la 5, kwatsala 3. Yesani: 9 kuphatikiza 30, ndi 39 ndendende.

Chimene chimandigwira mtima ndi kugawa pakati kuja. Munthu wina akanamata 10x yense mbali imodzi, n'kupeza chinyumba chachitali chosamuuza kanthu. Mmisiriyu anaona kuti akagawa mofanana, mpata wotsalawo ukhalanso sikweya, ndipo kukula kwake kudziwika ngakhale x asanadziwike. Aphunzitsi akamati "tenga theka la nambala yapakati, ulitaimuze lokha, uphatikize mbali zonse ziwiri," ana n'kumavomera osadziwa kuti thekalo lachokera kuti, akunena za makonde awiriwa. Ngakhale 2 amene amakhala pansi pa fomyula ija ndi chipsera cha kugawa komweku.

Anajambulanso njira ina: makonde anayi kuzungulira nyumba, lililonse 2.5 m'lifupi, ndi timakona tinayi ta 6.25 tomwe pamodzi tikwana 25 yemweyo. N'zokongola, koma kwa ine ya makonde awiri ndiyo yaukhondo. Ilibe nyenyeswa.

Chilipo chimene sanalembe. Samuyi ili ndi yankho lachiwiri, -13, ndipo wolemba mayeso a MSCE akalisiya ataya malikisi. Al-Khwarizmi sankawerengera manambala otsika kuposa ziro. Khoma lingatalike bwanji -13? N'chifukwa chake anagawa masamu otere m'mitundu isanu ndi umodzi, kuti pasapezeke chochotsera chopachikika pachabe, pamene ife lero timangowaunjika onse m'fomyula imodzi. Ntchito inamuchulukira, koma chilichonse chimene ananena chinali choti munthu angachiloze ndi chala.

Akatswiri obwera pambuyo pake, monga Abu Kamil ndi Omar Khayyam, anagwiritsanso ntchito chitsanzo chomwechi. Robert of Chester atamasulira bukuli m'Chilatini mu 1145, 10 ndi 39 anawoloka nawo osasintha.