Kodi Tikuseka Ciani Kwenikweni?

Inu acinyamata amene mumakonda kukaonerera anthabwala ku Lusaka Playhouse, kapena amene mumatumizirana tumavidiyo twao pa foni, mudzavomereza kuti pali kacitidwe kamodzi kamene sikalephera kuseketsa anthu. Wanthabwala akaona kuti holo yazizira, amapinda dzanja, napotoza pakamwa, nayamba kutsimphina pa pulatifomu. Kapena acita cibwibwi, kukakamira pa liu limodzi mpaka anthu afe nalo phwete. Manja aombedwa, iye napukuta thukuta ngati wagwira nchito yaikulu.

Ine ndikuti nthabwala yotere ndi ya ulesi. Nthabwala yeniyeni imafuna diso ndi khutu. Ganizirani za kondakitala wa minibasi ya ku Chelstone amene cenji cimamusowa tsiku lililonse, kapena landilodi wa ku Kabwata amene amafika mwezi usanathe atavala nkhope ya maliro, kapena amai a ku Kabulonga amene Cinyanja cimawabwerera pokhapokha akafuna kutsitsa mtengo wa tomato. Kuti munthu atiseketse ndi zimenezi, ayenera kuti anakwera basiyo, anamvetsera, nasankha mau. Dorika wa Bob Nkosha amatigwira mtima cifukwa tonse tinakumanapo naye munthu wotero. Koma kutsanzira wopunduka kumafuna luso lanji? Mwana wa giredi 2 amatha kucita zimenezo, ndipo akapezedwa amadzudzulidwa.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kulemala kusachulidwe konse pa pulatifomu. Kumvera munthu cisoni nthawi zonse, kumulankhula ndi liu la kucipatala, nakonso ndi kumunyoza. Olemala amaseka, ndipo ena a iwo ndi akatswiri pa kuseketsa. Mu 2006 Josh Blue anapambana mpikisano wa Last Comic Standing ku America. Ali ndi matenda a muubongo amene amalepheretsa thupi kumvera mwini wake, ndipo dzanja lake losamveralo analisandutsa mnzake wa m'sewero. Mu 2018 Lee Ridley, wochedwa Lost Voice Guy, anapambana Britain's Got Talent ngakhale kuti satha kulankhula: nthabwala zake amazilemba, makina ndi amene amazichula. Mukawaonerera bwino awiriwa mudzaona kuti amene akusekedwa kwenikweni ndi ife, ndi mafunso athu opusa, ndi maso athu amene sadziwa poyang'ana. Iwo agwira okha maikolofoni. Apo ndi pamene pagona kusiyana.

Ndipo sitifunika kupita kutali. Funsani makolo anu za P.K. Chishala. Anali wakhungu, koma ndani m'Zambia muno anaona zinthu bwino koposa iye? Mu nyimbo ngati Church Elder ndi Common Man lilime lake linalasa acinyengo a m'mipingo ndiponso umphawi umene unali kufinya munthu wamba. (Ena a m'mabenci akutsogolo sanakondwere nazo, koma imeneyo ndi nkhani ina.) Sanapemphe cifundo kwa wina aliyense. Anthu anavina, naseka, ena nacita manyazi.

Mwina mudzati, "Aa, ndi nthabwala cabe, sizipha munthu." Koma nthabwala siithera m'holo. Imakwera basi, nifika kusukulu Lolemba m'mawa, ndipo kumeneko muli mtsikana wacibwibwi amene aphunzitsi adzamuuza kuti awerenge mokweza. Anzake akonzeka kale ndi zimene anaona Loweruka. Amene munaonerera filimu ya Can You See Us?, imene inalowa pa Netflix mu 2023 ndipo yazikidwa pa moyo wa woimba John Chiti, mukudziwa mmene kuseka kwa ana anzake kumapwetekera mwana wacialubino. Mau amene amaponyedwa monga masewera ndi omwewo amene amamubisa m'nyumba.

Pali cinanso cimene sitikambapo. Dziko lathu lili ndi lamulo la anthu olemala la mu 2012, limene limafuna kuti malo a anthu onse akhale ofikirika kwa aliyense. Tsono mukadzapita kukaonerera sewero, kaya m'tauni, kaya mu holo ya sukulu ku Woodlands, muwerenge masitepe. Muyambire pa khomo, mufike pa mipando, kenako muyang'ane okwerera pa pulatifomu. Muonenso ngati pambali paimirira womasulira m'cinenero ca manja. Kawirikawiri mudzapeza kuti munthu wa pa njinga ya olemala, ngakhale atakhala ndi nthabwala zakuthwa kuposa onse a pa pulogalamu, angafike kutsogoloko pokhapokha anyamata anai atamunyamula, pamene womutsanzira uja amakwera masitepe omwewo cothamanga.