Dzanja lopepuka la woluka tsitsi wa pa Golomoti

Tsiku lolukitsa tsitsi mutu uliwonse umakongola. Luso la wolukayo limadzaoneka pomasula, patapita mwezi ndi theka, pamene mumaona ngati titsitsi tapachipumi ndi tam'mbali mwa makutu tidakalipo kapena tapita limodzi ndi meshi. Pa Golomoti, pomwe msewu wotsika phiri kuchokera ku Masasa umakumana ndi wa M5, pali mayi wina amene amaluka akuganizira za tsiku lomasulalo. Ntchito ya manja ake imandigwira mtima.

Amagwirira pakhonde, wolukitsa atakhala pamphasa. Zipangizo zake n'zochepa: chipeso cha mano otalikirana, china cha mchira wosongoka chogawira mizere, kabotolo ka madzi, mafuta ndi ulusi wakuda. Malo opangira magetsi a dzuwa a mamegawati 20 amene anayamba kugwira ntchito mu 2022 ali pafupi pomwepo, koma ntchito yakeyi sifuna getsi.

Tsitsi louma salikhudza ndi chipeso. Amayamba waliwaza madzi, n'kulifewetsa ndi zala mpaka litagonja. Tsitsi lathu ndi lopotana, ndipo paliponse pomwe lapindika m'pofooka. Mafuta amene khungu la m'mutu limatulutsa amavutikanso kutsetsereka m'mapindikidwe amenewa kuti akafike kunsonga, choncho nsongazo zimauma msanga, makamaka kuchigwa kuno komwe mwera umaulutsa fumbi mu Julaye ndipo dzuwa la Okutobala limaswa mtengo. Popesa amagwira kamtolo ka tsitsi ndi dzanja lamanzere pafupi ndi khungu, n'kuyambira kunsonga kutsikira kumizu pang'onopang'ono. Akapeza mfundo amaika chipeso pansi, n'kuimasula ndi zala.

Asanagawe mizere amafunsa funso limene oluka ambiri a m'tauni saliganizira n'komwe: "Kodi mumasenza, achemwali?" Amayi a kuno amasenza ndowa kuchokera kumjigo, mitolo ya nkhuni, matumba a mpunga wa ku Bwanje. Akayankha kuti inde, iye amayendetsa mizere kuti pakati pa mutu pasakhale mfundo kapena polumikiza, nkhata ikhazikike bwino. Mfundo ikakhala pansi pa ndowa yodzaza madzi m'mawa uliwonse, tsitsi la pamenepo limaduka.

Koma pomwe ndimakonda kuyang'anitsitsa ndi poyambira mzere. Zala zitatu zimatola tsitsi, zimapingasa kamodzi, kawiri, katatu, ndipo m'kupingasa koyambiriraku ndi momwe nkhani yonse yagona. Akakoka kwambiri khungu limanyamuka, nsidze zimakwera, mawa lake timatuza tatuluka m'mphepete mwa chipumi. Akalekerera, mzere umasosoka sabata isanathe. Pakati pa ziwirizi pali kamuyezo kosaoneka ndi maso, kamene zala zake zinakaloweza ngati mmene wophika nsima amadziwira ufa wokwanira pongomva kulemera kwa mthiko. Titsitsi tating'ono takutsogolo amatisiya dala kunja kwa mzere. Meshi amaiyeza ndi tsitsi limene liisenze: kagawo kakang'ono, meshi yochepa. Amafunsa kuti "zikukoka?", koma yankho salikhulupirira kwenikweni, chifukwa ambiri anazolowera kupirira. Amayang'ana nkhope.

Pali amene amachoka osakhutira, n'kumati mayiyu sagwira zolimba. Kwa iwo kuluka kwabwino ndi kumene kumakugonetsa chafufumimba utamwa Panado. Apa ine ndili kumbali ya mayiyu. Madokotala a khungu vuto lothothoka tsitsi chifukwa cholikoka amalitchula kuti traction alopecia. Poyamba tsitsi limameranso munthu akasiya kulikoka, koma kukokako kukapitirira kwa zaka mizu imafa ndipo palibe mafuta amene angaidzutse. Atsikana ambiri amene lero akuphimba chipumi ndi duku kapena wigi anayamba kukokedwa ali ana.

Ana, mayiyu amakonda kuwamanga tsitsi ndi ulusi. Amazunguliza ulusiwo kuyambira pang'ono pamwamba pa khungu, kusiya mpata woti kamtoloko kazigwedezeka, n'kumakweza mpaka kunsonga. Akadzamasula, tsitsi limakhala litawongoka popanda moto kapena mankhwala.

Za mafuta a nsatsi amanena zoona zokhazokha. Agogo athu ankakazinga nthangala zake, kuzisinja, kuziwiritsa m'madzi n'kuyengula mafuta oyandama pamwamba, zotsalira n'kuzitaya kutali ndi ana ndi ziweto popeza zili ndi poizoni. Mafutawa ndi olemera, amatsekera chinyezi m'tsitsi, n'chifukwa chake iye amawapaka tsitsi likadali lonyowa, pang'ono pokha, kuti fumbi lisamatirire. Sanamiza munthu kuti amameretsa tsitsi msanga. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, kaya mupake chiyani. Chimene chimalitalikitsa ndi kusathothoka kwa nsonga.

Pomasula amachenjezeratu kuti patuluka tsitsi lambiri ndipo munthu asachite mantha. Mutu umayoyola tsitsi 50 mpaka 100 patsiku, ndipo likakhala lolukidwa limangotsakamira m'mizere. Amalichotsa ndi zala asanathire madzi ndi sopo, apo ayi limamangana zolimba. Kenako amauza mwini mutu kuti aupumitse sabata imodzi asanalukitsenso, ngakhale kuti potero ndalama yake yachedwa. Tsitsi limene langothiridwa kumene mankhwala owongolera amakana kulimangirira meshi. Mwana wa zipere m'mutu amamubweza mwaulemu, kuti amayi ake apite naye kuchipatala cha Mua kapena china chapafupi, popeza zipere za m'mutu zimafuna mankhwala akumwa. Zipeso amazitsuka asanagwire mutu wina.

Ku Mua komweko, ku malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, alendo amabwera kuchokera kutali kudzaona ntchito za osema ziboliboli, n'kuphunzira za chinamwali ndi za maliro, miyambo imene kumeta mutu kuli ndi tanthauzo lalikulu. Osemawo ndi oyenera ulemu wawo. Komabe mtengo sumva kuwawa, ndipo chiboliboli chikatha chatha. Mayi wa pa Golomoti amagwira chinthu chamoyo, chomwe akuyenera kuchibweza chili bwino kuti adzachigwirenso mwezi wamawa.

Mwana wake wamkazi anayamba kuphunzira pa ndevu za chimanga ndi pa udzu, monga amachitira atsikana ambiri. Tsopano amaluka mitu ya anthu, ndipo mizere yake ndi yowongoka kuposa ya amayi ake. Koma amangopatsidwa kunkhongo, komwe tsitsi ndi lolimba. Akamayandikira makutu amasuntha pamphasa, amayi ake n'kudzamaliza okha.