Kodi Macbeth Adalodzedwa? Ulosi, Khumbo la Ufumu ndi Liwongo m'Sewero la Shakespeare

Mawu oyamba

Sewero la Macbeth, lomwe William Shakespeare adalemba cha m'ma 1606 ndipo lidasindikizidwa koyamba mu 1623, ndi lalifupi kuposa masewero ake onse a tsoka. Tsatanetsatane wa nkhani yake ngosavuta kufotokoza. Kazembe wankhondo wa ku Scotland akumana ndi amayi atatu achilendo omwe amulosera kuti adzakhala mfumu. Iye, mothandizana ndi mkazi wake, apha mfumu Duncan itabwera kudzagona kunyumba kwake. Atalowa ufumu apitiriza kukhetsa mwazi pofuna kuteteza mpando, kufikira naye ataphedwa. Chomwe chimavuta ndi funso la mwini mlandu. Ophunzira ambiri amathamangira kunena kuti Macbeth adasocheretsedwa ndi afiti, ndipo ena amaloza chala mkazi wake. Nkhani ino ikutsutsa maganizo amenewa. Tiona kuti ulosi wa m'seweroli sulamula munthu kuchita kanthu, koma kuti Macbeth amasankha yekha mawu oti akhulupirire, oti alimbane nawo ndi oti agonerepo tulo. Tsoka lake lagona pa kamasuliridwe kake ka zomwe wamva.

Afiti kapena olosera?

Wowerenga wa Chichewa amakumana ndi msampha pa khomo penipeni pa seweroli. Tikangowatchula amayi atatu aja kuti afiti, tagamula kale mlandu, pakuti kwathu mfiti ndi munthu wolodza, ndipo wolodzedwa sakhala ndi mlandu pa zomwe zamugwera. N'zoona kuti amayiwa ali ndi nkhanza, ndiponso kuti owonerera a nthawi ya Shakespeare ankawaona ngati atumiki a mdima. Mfumu James, yomwe idalowa ufumu wa England mu 1603 ili kale mfumu ya Scotland, idalemba buku lokhudza ufiti lotchedwa Daemonologie mu 1597, ndipo mu 1604 nyumba ya malamulo idakhwimitsa chilango cha ufiti. Komabe mlembi adaika malire pa mphamvu za amayiwa. M'chiwonetsero chachitatu cha gawo loyamba, mmodzi wa iwo akukonza zozunza mmalinyero wina. Akhoza kumusowetsa tulo ndi kuwindula namondwe, koma iye mwini akuvomera kuti chombocho sangachimize. Apa Shakespeare watiuza msanga kukula kwa mphamvu yawo: amavundula madzi, koma woongolera chombo ndi wina.

Welcome Msomi, yemwe adasamutsira nkhaniyi m'mbiri ya Azulu m'sewero lake la uMabatha la mu 1970, adawasandutsa amayiwa kukhala masangoma, kutanthauza oombeza. Kusankha kumeneku kuli ndi phunziro kwa aliyense wofuna kumasulira seweroli m'ziyankhulo zathu. Woombeza ula amanena zomwe waona. Chochita nazo chimatsalira kwa wofunsira.

Ulosi woyamba ndi mtima womwe udaulandira

Amayiwa akulonjera Macbeth ndi maudindo atatu: mfumu ya dera la Glamis, udindo womwe ali nawo kale, mfumu ya dera la Cawdor, udindo womwe Duncan wamupatsa kale iye asanadziwe, ndi ufumu wa dziko lonse. Palibe pomwe akutchula lupanga, mwazi kapena dzina la Duncan. Koma uthenga wa Cawdor utangotsimikizika, Macbeth akudziyankhulira za ganizo la kupha lomwe likumuimitsa tsitsi. Ganizoli silidatuluke pakamwa pa olosera. Lidali kale m'nkhokwe ya mtima wake, ndipo ulosi udangotsegula chitseko.

Umboni wa mfundoyi ndi Banquo. Iye adali pomwepo ndipo naye adalandira ulosi wake, woti ngakhale sadzakhala mfumu, adzabala mafumu. Banquo akuchenjeza mnzake kuti mphamvu za mdima zimatha kunena zoona pa zinthu zazing'ono kuti zimukole munthu pa zazikulu. Pambuyo pake akuulula kuti naye akuvutika ndi maganizo oipa m'tulo, koma akupempha kumwamba kuti amutchinjirize. Anthu awiri amva mawu ofanana pa malo amodzi. Mmodzi wasolola mpeni, wina wapemphera. Tiyenera kukumbukira kuti m'buku la mbiri la Raphael Holinshed la mu 1587, komwe Shakespeare adatapa nkhaniyi, Banquo adali nawo m'chiwembu chopha Duncan. Kawirikawiri amati mlembi adamuyeretsa chifukwa banja lachifumu la Stuart, la mfumu James, linkati lidachokera kwa Banquo. Chifukwa cha ndalechi n'chomveka, koma kusinthaku kukugwiranso ntchito ina m'seweroli: kukupereka muyeso woti tiyezere Macbeth.

Macbeth amadziwa bwino lomwe kuti ulosi woona sufuna womuthandiza. Iye mwini akunena kuti ngati mwayi ukufuna kumuveka chisoti, ukhoza kutero iye osatukula dzanja. Maganizowa akusungunuka Duncan atalengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye mlowam'malo. Ndipo m'chiwonetsero chomaliza cha gawo loyamba, pomwe Macbeth akusinkhasinkha payekha za chiwembucho, akuwerengera zifukwa zomuletsa: Duncan ndi mbale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo wake, komanso ndi wolamulira wofatsa. Ku mbali inayo akupezako chinthu chimodzi chokha, khumbo lake la ufumu. M'kudziyankhulira konseku sakuwatchula olosera aja ngakhale kamodzi. Munthu wolodzedwa sangathe kuzenga mlandu wake momveka chotere.

Nanga Lady Macbeth? Mayiyu sakumana ndi olosera m'sewero lonse. Ulosi akuumva kudzera m'kalata ya mwamuna wake. N'zoona kuti akumukankha pomunyoza kuti si mwamuna, koma m'kukangana kwawo akumukumbutsanso kuti iyeyo ndiye adayambitsa nkhaniyi. Mkaziyu akukoleza moto pa nkhuni zomwe mwini wake adatola kale.

Wokhulupirira mosankha

Atakhala pa mpando, Macbeth akuonetsa poyera kusokonekera kwa chikhulupiriro chake. Ngati olosera adanena zoona za iye, ndiye kuti adanenanso zoona za ana a Banquo. Ngati ulosi wa Banquo ungathe kulepheretsedwa ndi mpeni, ndiye kuti ulosi ulibe mphamvu yomwe iye akuupatsa. Macbeth akugwira mbali zonse ziwiri nthawi imodzi. Akutuma achiwembu kukapha Banquo ndi mwana wake Fleance, koma mwanayo akupulumuka. Ulosi womukomera adauthandiza ndi lupanga. Womuipira akulimbana nawo ndi lupanga lomwelo.

M'gawo lachinayi, Macbeth akupita yekha kukafunafuna olosera. Poyamba iwo ndiwo adamudikira pa njira. Tsopano iye ndiye wagogoda. Akumuonetsa zinthu zitatu: mutu wovala chisoti cha nkhondo womuchenjeza za Macduff, khanda lamagazi lomuuza kuti wobadwa mwa mkazi sangamupweteke, ndi mwana wovala chisoti chachifumu, atanyamula mtengo, womulonjeza kuti sadzagonja kufikira nkhalango ya Birnam itafika ku phiri la Dunsinane. Luso la mlembi lili pa kusiyana kwa zomveka ndi zooneka. Khanda lamagazi ndi chithunzi cha Macduff, yemwe adachita kutumbulidwa m'mimba mwa mayi ake. Mwana wonyamula mtengo ndi Malcolm, yemwe asilikali ake adzadula nthambi za ku Birnam kuti abise kuchuluka kwawo. Choonadi chonse chili pamaso pa Macbeth, koma iye akutola mawu okoma okha, osayang'ana wowanenayo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyankhula kwa paŵiripaŵiri kotereku kudali nkhani ya m'kamwam'kamwa ku London pa nthawiyo. Chiwembu chofuna kuphulitsa nyumba ya malamulo chitaululika mu Novembala 1605, wansembe Henry Garnet adazengedwa mlandu ndi kunyongedwa mu 1606, ndipo pa mlandu wake padamveka kwambiri za chiphunzitso cholola munthu kuyankha mozemba popanda kunama poyera. Mlonda wa pa chipata woledzera uja, yemwe akuyerekeza kuti akutsegulira anthu khomo la ku gehena m'mawa mwa imfa ya Duncan, akutchula munthu wotere pakati pa alendo ake. Koma seweroli likupitirira pa kudzudzula woyankhula mozemba. Likuonetsa kuti mawu a paŵiri amafuna khutu lokonzeka kunyengedwa.

Liwongo ndi njira zake ziwiri

Umboni womaliza woti Macbeth sadalodzedwe ndi chikumbumtima chake. Asanaphe n'komwe akuona mpeni ukulendewera m'malere. Atangopha, akulephera kuvomereza pemphero lomwe wamva m'chipinda choyandikana, akumva liwu lomuuza kuti sadzagonanso, ndipo akuona kuti nyanja yonse singatsuke manja ake. Mkazi wake pa nthawiyi ngolimba mtima. Kwa iye timadzi pang'ono tikwanira. Kuchokera apa njira zawo zikupingasana. Macbeth, yemwe adayamba ndi kunjenjemera, akuumirauma mtima kufikira polamula kuti mkazi ndi ana a Macduff aphedwe ku Fife, kupha komwe sikukumupindulira kanthu. Lady Macbeth, yemwe adayamba ndi kuuma mtima, akumaliza akuyenda m'tulo, nyali ili pambali, akusamba m'manja mosalekeza ndi kutchula za mwazi wa nkhalamba ija. Sing'anga womuona akuvomera kuti nthendayi ikufunika wansembe kuposa mankhwala. Mlandu suwola.

Pano chikhalidwe chathu chili ndi liwu lothandiza. Achewa amakamba za chirope, msala womwe amati umagwira munthu wokhetsa mwazi wa munthu kapena wa nyama yaikulu ngati sadatsirikidwe, ndipo umamuchititsa kulusa ndi kufuna kuphanso. Sitikunena kuti Shakespeare ankadziwa za chirope, koma liwuli likulongosola bwino zomwe zikumuchitikira Macbeth pambuyo pa phwando lomwe mzukwa wa Banquo udakhala pa mpando wake, pomwe akuti walowa kale patali mu mtsinje wa mwazi kotero kuti kubwerera n'kotopetsa mofanana ndi kuwoloka. Chofunika kuzindikira n'chakuti chirope chimadza pambuyo pa kupha. Ndi chotsatira cha ntchito ya manja a munthu, pomwe kulodzedwa kumachokera kunja. Kuwerenga Macbeth ngati wogwidwa chirope kumasunga mlandu pa mutu pake. Kumuwerenga ngati wolodzedwa kumamumasula.

Mawu omaliza

Macbeth wa m'mbiri adalamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan adafera ku nkhondo, osati pa mphasa ya alendo. Shakespeare adapanikiza zaka 17 zimenezi kukhala ngati miyezi yowerengeka, nasandutsa nkhondo kukhala chiwembu cha usiku, kuti maso athu akhale pa mtima wa munthu mmodzi. Pa mapeto, Macduff ataulula za kubadwa kwake, Macbeth akutukwana mizimu yoyankhula paŵiri, koma sakudzitchula yekha ngati womasulira wopotoka. Uku ndiko kuperewera kwa kuzindikira kwake, ndipo wophunzira woti Macbeth adasocheretsedwa ndi afiti akungobwereza chodzikhululukira cha mpangankhaniyo. Ulosi uliwonse m'seweroli ukupherezeka, kapena kuonetsedwa kuti udzapherezeka, koma palibe ngakhale umodzi womwe udatchula munthu woti aphedwe. Funso lomwe seweroli likusiyira wowerenga, makamaka wokhala pakati pa anthu omwe amalemekeza maloto, maula ndi maulosi, ndi lakuti: munthu akauzidwa kuti mpando ndi wake, ndani amasankha njira yokafikira pa mpandopo?