Kalulu, Nadzikambe ndi Kalikalanje: Wopambana Ndani?

Pali mitundu iwiri ya nthano imene anthu a maiko ambiri aikonda. Mtundu woyamba ndi nthano za zozizwitsa, m'mene nyama zilankhula, mwana abadwa ali ndi uta m'manja, ndipo njoka igumula phiri. Mtundu wachiwiri ndi nthano za sayansi, zosimba za m'tsogolo, za makina amene sanapangidwe ndi maiko amene munthu sanapondeko. Ku Ulaya ndi ku America kuli mabuku ochuluka a mitundu iwiriyi, ndipo owerenga ake atsutsana kawirikawiri pofuna kudziwa munthu wa m'buku wokondedwa koposa.

Anthu a kummwera kwa nyanja ya Malawi sadadikire mabuku kuti ayambe mtsutso wotere. Kuyambira ku Chembe kufika kwa Mponda, ndi kutsidya ku Malindi ndi kwa Makanjira, Anyanja ndi Ayao akhala akusimba nthano za zozizwitsa kuyambira kale lomwe. Wosimba akati, "Padangotero," omvera ayankha kuti, "Tili tonse," ndipo aliyense ayembekeza kumva za munthu wake wa pamtima. Anthu a m'nthano amenewa ana a sukulu awatcha atengambali. Kabuku kano kayesa atatu mwa iwo kuti kaone wopangidwa bwino koposa.

MUYESO WAKE

Msodzi sagula bwato chifukwa cha utoto. Ayamba wagogoda mtengo wake, naona ngati ulowa madzi. Chomwechonso munthu wa m'nthano sayesedwa ndi kuseketsa kokha. Pali mafunso atatu omuyesera. Loyamba: kodi afunanji? Lachiwiri: kodi atayanji akalephera? Lachitatu: kodi womvera atsala ndi chiyani mumtima nthano itatha? Munthu wa m'nthano amene ayankha mafunso onse atatu ndiye wamoyo. Woyankha limodzi lokha ali ngati ng'oma yomveka bwino koma ya kamenyedwe kamodzi.

KALULU

Ana akafunsidwa, ambiri atchula Kalulu msanga, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Kalulu ndi wamng'ono, alibe nyanga kapena mano oopsa, koma agonjetsa zilombo ndi nzeru. Adapatsa Njovu mbali imodzi ya chingwe, napatsa Mvuu mbali ina, aliyense namaganiza kuti akukokana ndi Kalulu, pamene mwini wakeyo adakhala pamthunzi akuseka. Munthu amene waonapo mvuu zikufwenthera mu Shire adziwa kukula kwa chinyengo chimenechi. Pa nthawi ya chilala nyama zonse zidakumba chitsime, Kalulu yekha adakana, komabe adamwa madzi ponyengerera alonda ndi uchi ndi kuwamanga, kufikira Kamba adamgwira.

Kukoma kwa Kalulu n'kwakuti amapatsa wofooka mpata woseka wamphamvu. Wogwira ntchito kwa bwana wankhanza, kapena mwana wolamulidwa tsiku lonse, akamva Njovu itapusitsidwa mtima wake upepuka. Nthano za kalulu wochenjera zidafika ndi ku America komwe, kumene zidasimbidwa ndi akapolo ochokera ku Africa ndi zidzukulu zawo.

Komatu Kalulu akaikidwa pa muyeso, apepuka. Chimene afuna ndi chakudya, madzi kapena mkazi, ndipo afunira yekha. Akalephera sataya kanthu, pakuti womvera adziwiratu kuti mawa adzaonekanso m'nthano ina ali wamoyo, wosasintha, wosaphunzira. Kalulu sakula ndiponso samva chisoni. Ndi mlendo wokoma pamadyerero, koma palibe kholo lingamsiyire mbuzi zake kuti azisunge.

NADZIKAMBE

Wachiwiri ndi Nadzikambe, amene ena amutcha Bilimankhwe. Ana samkonda kwambiri, chifukwa saseketsa. Koma nthano zake ndi zolemera. Imodzi inena kuti Mulungu adamtuma kukauza anthu kuti akafa adzaukanso. Iye adayenda mwa chizolowezi chake, kutukula phazi ndi kuyamba waganiza asanaliponde. Buluzi adathamanga namdutsa, nakauza anthu kuti akafa adzafa ndithu. Pamene Nadzikambe adafika, mawu a Buluzi adali atagwira kale.

Ayao ali ndi nthano ina yoyenera anthu a kunyanja. Pachiyambi, iwo atero, padziko padali Mulungu ndi nyama zokha, zokhala mwamtendere. Nadzikambe adaluka mono nautchera mumtsinje. Tsiku lina povuula adapezamo tizinthu tiwiri tachilendo, mwamuna ndi mkazi. Adapita nato kwa Mulungu, ndipo Mulungu adati atiike pansi kuti tikule. Anthuwo atakula adapeka moto, moto udagwira tchire, nyama zidathawa, Nadzikambe adakwera mumtengo, ndipo Mulungu mwini adachoka padziko nakwera kumwamba pa ulusi wa Kangaude.

Wowerenga aone bwino nthano imeneyi, pakuti ndiyo mbale wake weniweni wa nthano za sayansi. Moto ndiwo luso loyamba la munthu, ndipo nthano ifunsa kuti luso likaposa nzeru ya mwini wake, dziko lidzakhala lotani. Funso lomweli adalifunsa Mary Shelley wa ku England m'chaka cha 1818 m'buku lake lotchedwa Frankenstein, losimba za wophunzira amene adapanga cholengedwa chamoyo nalephera kuchisamala. Lero funsoli lili pakhomo penipeni, pamene mapiri ayera chifukwa cha makala ndipo chambo cha m'nyanja ya Malombe chachepa chifukwa cha makoka a maso aang'ono.

Nadzikambe ayankha bwino funso lachiwiri, pakuti polephera iye, anthu onse adataya moyo. Sadachite dala. Adali wokhulupirika koma wochedwa, ndipo m'menemo muli chisoni chimene Kalulu sachidziwa. Mlakatuli Jack Mapanje, amene adabadwira m'mudzi wa Kadango m'boma la Mangochi m'chaka cha 1944, adaika nyama imeneyi pa dzina la buku lake la 1981, Of Chameleons and Gods. Idali nthawi imene wonena zoona adayenera kusintha maanga kuti apulumuke. Ngakhale zidali tero, iye adatsekeredwa ku ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 kufikira 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Chofooka cha Nadzikambe ngati munthu wa m'nthano n'chakuti zinthu zimangomchitikira. Iye ndi mboni yopenya mbali zonse, koma salimbana ndi kanthu.

KALIKALANJE

Wachitatu ndi Kalikalanje wa Ayao, amene Anyanja ali ndi mnzake wofanana naye, dzina lake Kachirambe. Mbusa Duff Macdonald wa ku Blantyre adalemba nthano ya Kalikalanje m'buku lake Africana la 1882, ndipo R. S. Rattray adasindikiza ya Kachirambe m'Chinyanja m'chaka cha 1907. Osimba asiyana pa tizigawo tina, koma msana wa nthano ndi umodzi.

Mayi wina wapakati adagwa m'vuto. Ena asimba kuti adalephera kudzitwika mtolo wa nkhuni kuthengo, ena kuti adali ndi ngongole kwa Fisi. Pofuna kupulumuka adalonjeza chilombocho kuti adzachipatsa mwana wa m'mimba mwake. Mwanayo adabadwa modabwitsa, akulankhula kale. M'kasimbidwe kena adapempha kuti amkazinge paphale kuti akhwime msanga, ndipo dzina lake lichokera pamenepo, pakuti m'Chiyao kukazinga ndi kukalanga. Kachirambe iye adatuluka pa chotupa cha pamwendo wa amake ali ndi uta ndi mivi.

Tsono Fisi adabwera kudzatenga chake, ndipo mayi, poopa kudyedwa, adayamba kuthandiza Fisi kugwira mwana wake yemwe. Adamanga mwanayo belu kumwendo kuti adziwike, koma iye adagawira anzake onse mabelu, ndipo Fisi pofunsa kuti Kalikalanje ndani, mwana aliyense adati ndine. Adammeta mbali imodzi ya mutu kuti Fisi amzindikire usiku, koma iye adadzuka nameta ena chimodzimodzi. Adabisa Fisi mumtolo wa udzu natuma mwana kukausenza, koma mwanayo adaima patali nauza mtolo kuti udzuke wokha, ndipo Fisi wopusayo adadziulula. Msampha uliwonse mwanayo adauona usanafwamphuke.

Poyang'ana pamwamba, Kalikalanje aoneka ngati Kalulu wovala khungu la munthu. Onse ndi aang'ono, onse apusitsa Fisi. Koma muyeso uwasiyanitsa kutali. Kalikalanje afunanji? Safuna uchi kapena madzi a eni ake. Afuna kungokhala ndi moyo. Atayanji akalephera? Moyo womwewo. Ndipo mdani wake woopsa si Fisi, pakuti Fisi ndi chitsiru. Mdani wake ndi dzanja lomwe limpatsa nsima. Mwana aliyense akaopa usiku athawira kwa amake. Nanga mwana uyu athawira kuti? Kalulu anyenga chifukwa akonda kunyenga, koma Kalikalanje adaphunzira kuchenjera chifukwa m'nyumba mwake mudalibe pogona mtima.

Luso lina la nthanoyi n'lakuti siisandutsa mayi kukhala mfiti. Iye adali yekha, wolemedwa, wamantha, ndipo adalonjeza chinthu chimene adali asanachione ndi maso. Womvera amda, komanso ammvera chifundo, ndipo sadziwa msanga mbali yoima. Ndicho chifukwa chake mathero a nthanoyi sali amodzi. Osimba ena atha ndi chilango choopsa chogwera mayi, ena atha ndi kukhululuka. Nthano ya Kalulu ikatha, anthu aseka nakagona. Ya Kalikalanje ikatha, akulu ayamba kutsutsana ngati pabwalo la milandu.

Anthu a kummwera kwa nyanja ali ndi chifukwa chomvera nthanoyi ndi makutu awiri. M'zaka za m'ma 1800 maulendo a akapolo adadutsa kwa Mponda ndi kwa Makanjira kulinga kugombe la Kilwa, ndipo boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, lidamangidwa mu 1891 pafupi ndi njira imeneyo. Masiku amenewo munthu ankaperekedwa kulipira mlandu wa mbale wake. Nthano siitchula ukapolo, koma womvera wa nthawi ija sakadalephera kuzindikira mwana woperekedwa chifukwa cha ngongole ya wina. Ndipo fisi wa mtundu umenewu sadafe. Mtsikana wochotsedwa pasukulu ndi kukwatitsidwa chifukwa panyumba pali njala, ndiye Kalikalanje wa masiku ano. Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, koma lamulo ligwira bwino pamene mitima ya makolo yavomera. Nthano idafunsa kale funso limene lamulo ladzayankha mochedwa: kodi kholo lili ndi mphamvu yolipira vuto lake ndi moyo wa mwana?

ALEMBI A MAKONO

Alembi a m'Malawi sadataye nthano za zozizwitsa. Steve Chimombo adatenga Napolo, chinjoka cha pansi pa phiri chimene anthu adati chidadutsa pa Zomba mu December 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, namuika m'ndakatulo zake za mu 1987. Napolo ndi woopsa ndithu, koma ali ngati chigumula, alibe nkhope kapena mtima woti womvera alowemo. Shadreck Chikoti adatulutsa buku la sayansi mu 2015, Azotus the Kingdom, losimba za Africa wa m'tsogolo, m'mene mnyamata Kamoto akhala m'dziko lompatsa zonse kupatula ufulu. Kamoto ndi mphwake wa Kalikalanje, pakuti nayenso ayenera kukayikira dzanja lomdyetsa. Ku England, J. R. R. Tolkien adasankhanso kamunthu kakang'ono, Frodo, kuti kasenze katundu wolemera amene amphamvu adamuopa. Zioneka kuti kulikonse anthu akonda wamng'ono woikidwa pangozi imene sadaiputa.

Chodandaulitsa n'chimodzi. Mabuku atsopanowa adalembedwa m'Chingerezi, ndipo munthu amene wangophunzira kumene kuwerenga Chichewa sangathe kuwafikira. M'menemo agogo odziwa nthano akutha mmodzimmodzi, ndipo ana madzulo asonkhana pa kanema.

CHIGAMULO

Pa anthu atatu aja, Kalulu apambana pa kuseketsa, ndipo palibe angamlande ulemu umenewo. Nadzikambe apambana pa kuzama kwa funso lake. Koma Kalikalanje yekha ayankha mafunso onse atatu: afuna chinthu chachikulu, ataya zonse akalephera, ndipo asiya womvera ali ndi mlandu woti aweruze yekha. Iye ndiye wopangidwa bwino koposa.

Wowerenga angakane chigamulo chimenechi, ndipo akakana ndi zifukwa achita bwino, pakuti kuwerenga kwenikweni ndi kuyesa, si kungotchula mawu. Munthu wamkulu amene waphunzira kugwira pensulo ali ndi chuma chimene mwana wa sukulu alibe, pakuti nthano zili kale m'mutu mwake. Atenge kope, alembe Kalikalanje monga adamumvera kwa agogo ake a ku Namwera kapena ku Nkope, ndi mathero ake omwe, okhululuka kapena olanga. Mawu a akulu akoma akagonera, koma agonera bwino pamene wina wawasunga.