Mawu ndi Mphamvu pa Siteshoni ya ku Spain

Nkhani yaifupi ya Ernest Hemingway, Hills Like White Elephants, yomwe inatuluka mu 1927, pafupifupi yonse ndi kukambirana kwa anthu awiri. Mwamuna wa ku America ndi mtsikana amene iye amamutcha Jig ali pa siteshoni m'chigwa cha Ebro, kudikira sitima yochokera ku Barcelona kupita ku Madrid yomwe ifike pakatha mphindi 40. Mlembi satiuza zili mumtima mwawo. Ubale wawo timaumva pa kagawidwe ka mawu: wofunsa ndani, woyankha ndani, wobwereza ndani.

Poyamba mphamvu zili ndi mwamuna. Iye ndiye amamva Chisipanishi, kotero ndiye amaitanitsa mowa ndi kuuza mnzakeyo tanthauzo la zolembedwa pa katani ya mikanda ya pakhomo. Mtsikana akafanizira mapiri ndi njovu zoyera, mwamuna amangoyankha mouma kuti sanaonepo njovu yotere. Yankho limodzi lomwelo lapha fanizo, ndipo tamva kale kusiyana kwawo: wina akufuna kuti aonere dziko pamodzi, wina akufuna kupambana mtsutso.

Chimene akukanganirana sachitchula. Amangoti opaleshoni, zoti n'kuchotsa pathupi wowerenga amazitola yekha. Apa kubwereza ndiye chida cha mlembi. Mwamuna amanena kangapo kuti opaleshoniyo ndi yosavuta, ndiponso kuti sakumukakamiza. Kunena kamodzi kukanakhala chitonthozo, koma akamabwereza mawuwo amayamba kulemera mpaka kusanduka chikakamizo chomwe akuchikanacho. Mtsikana amayankha ndi mafunso odalira mawu oti "ngati": ngati avomera, kodi chikondi chibwerera mwakale? Iye akufunsa za tsogolo la awiriwo, mnzake akuyankha za opaleshoni.

Mayendedwe a ziganizo amasweka pamene mtsikana akupempha mwamuna kuti asiye kulankhula, n'kutchula liwu lopempha kasanu ndi kawiri mondondozana, popanda chizindikiro chopumira. Munthu amene wakhala akufunsa tsopano akulamula, ndipo watero ndi chida cha mwamuna yemweyo, kubwereza. Posakhalitsa mwamuna amanyamula zikwama kupita nazo kutsidya kwa siteshoni, n'kumwa yekha m'bala. Mwamunayo atabwerako, mtsikana amamwetulira n'kunena kawiri kuti ali bwino. Waphunzira kwa iye kulankhula mawu otonthoza opanda kanthu mkati, ndipo tsopano mwamunayo ndi amene alibe njira yodziwira chimene mnzake watsimikiza.