Diso ndi Cholembera cha a Shemu Joyah

Mdima ukagwa pa Ngara, kuno ku Karonga, nyanja imadzaza ndi nyali za asodzi a usipa, kotero kuti mlendo amayesa kuti pakati pa madzipo pamangidwa mzinda. Nyali zimenezi ndinazikumbukira pamene ndinaonera kachiŵiri filimu ya a Charles Shemu Joyah yotchedwa The Last Fishing Boat, imene inatuluka m'chaka cha 2012. Nkhani yake ikuchitikira ku Mangochi, kutali ndi ife, koma nyanja ndi yomweyi, ndipo dandaulo la msodzi lakuti nsomba zikutha tinalimva kale ku Kaporo ndi ku Chilumba.

A Joyah amalemba okha nkhani za mafilimu awo, natsogoleranso okha kujambula kwake. Tinganene kuti mwa iwo muli amisiri aŵiri, mlembi ndi mtsogoleri wa kujambula, ndipo ine ndaona kuti aŵiriŵa salingana msinkhu.

Wamkulu ndiye mtsogoleri. Bamboŵa anaphunzira ntchito yoyeza malo asanayambe za mafilimu, ndipo diso lawo limadziŵa poimika munthu pakati pa madzi, mchenga ndi thambo. Sathamangitsa kamera monga achitira anyamata ambiri a masiku ano. Amalola kuti tiyang'ane kufikira taona. Amadziŵanso kusankha ndi kuphunzitsa ochita seŵero. Pa nkhope ya a Hope Chisanu, amene akuseŵera ngati msodzi Yusufu, munthu amaŵerengapo manyazi a mwamuna amene kale anali kudyetsa mudzi, koma lero akubwera ku nyanja chimanjamanja. Flora Suya, ngati mkazi wachitatu wa msodziyo, amanena zambiri pongoŵeramitsa mutu. Si mwangozi kuti Tapiwa Gwaza analandira mphoto ya Africa Movie Academy Awards mu 2010 chifukwa cha gawo lake mu filimu yoyamba ya a Joyah, Seasons of a Life, ndi kuti nyimbo za mu The Last Fishing Boat zinapambananso pa mpikisano womwewo mu 2013.

Mlembi nayenso sindimpeputsa. Ali ndi mtima wolimba. Mu Seasons of a Life anatenga nkhani imene mabanja ambiri amaikwirira: mtsikana wantchito wapatsidwa pathupi ndi bwana wake, asiya mwana kuti apitirize sukulu, ndipo patapita zaka zisanu ndi chimodzi abwera kudzamfuna mwanayo. Mlembi sanamsandutse bwanayo chilombo chopanda nkhope, kapena mkazi wa bwanayo mfiti. Onse ndi anthu onga amene timapatsana nawo moni m'maŵa, ndipo nchifukwa chake nkhaniyo imaŵaŵa.

Koma mlembi yemweyu ali ndi zofooka ziŵiri zimene zimalemetsa mnzake uja. Choyamba, safuna kusiya kanthu m'mbuyo. M'bwato limodzi la Yusufu analongeza kutha kwa nsomba, mitala, mzungu wodzaona malo amene akusirira mkazi wa mwini, mwana wamwamuna Mustafa amene wasiya ukonde nayamba kuperekeza alendo, pamodzi ndi mphekesera zakuti mnyamatayo amagona ndi alendo aamuna ndi aakazi omwe kuti apeze ndalama. Iliyonse mwa nkhani izi ikadakwana filimu payokha. Paja akulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Ine amene ndinabwera kudzaona msodzi ndi nyanja yake ndinaona kuti pofika pakati pa filimu nsomba zija zatsala pang'ono kuiŵalika, ndipo mtima wa nkhani wasamukira ku zipinda za alendo. Komatu funso lakuti banja la m'mphepete mwa nyanja lidzadya chiyani chilimira akayamba kubwera wopepuka ndi lalikulu kuposa chilakolako cha mlendo mmodzi.

Chachiŵiri, mlembiyu sakhulupirira kuti chete angathe kunena kanthu. Chimene kamera yatisonyeza kale bwino lomwe, iye amafuna kuti wina achinenenso ndi pakamwa, kaŵirikaŵiri m'Chingerezi chosalala chimene chimamveka ngati choŵerenga pa pepala. Anthu ake akakwiya amakamba ngati aphunzitsi. Mwina nchifukwa chake amakonda bwalo la milandu, kumene munthu amaloledwa kuimirira ndi kulongosola mfundo popanda womdula mawu. Seasons of a Life imakathera kwa woweruza. The Road to Sunrise ya mu 2017, yonena za akazi oyendayenda a mu mzinda wa Blantyre, nayonso imatifikitsa kubwalo, kumene Rubia akuyankha mlandu wopha mwamuna amene anafuna kumgwirira.

Ndiyenera kuvomera kuti mu filimu yachitatuyi muli kusintha. Chicheŵa chachuluka, ndipo anthu akayamba kuyankhula chinenero chimene amatukwanira ndi kulirira, mawu awo amakhala ndi magazi. Filimuyi inapambana pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2018 ngati yoposa zonse za kummwera kwa Africa, ndipo chaka chomwecho inakhala yoyamba imene dziko la Malaŵi linatumiza ku mpikisano wa Oscar, ngakhale sinaloŵe m'gulu la zosankhidwa. Chikhalirecho ndimalakalaka kuti tsiku lina a Joyah adzapereke zolemba zawo kwa mlembi wina wouma mtima, woti adzadule masamba khumi pa makumi atatu alionse kujambula kusanayambe.

Tsiku limene ndinaonera The Last Fishing Boat kachiŵiri ndinali ndi mkulu wina, msodzi wopuma ntchito, amene amayankhula Chinkhonde ndi Chitumbuka koma Chingerezi samva. Ndinayesa kumamasulira zimene anthu akunena, koma tisanapite patali anandigwira mkono nati ndileke, popeza ndinali kuŵasokoneza. Anaonera okha mpaka kumapeto, ndipo atandifotokozera nkhani yonse sanaphonye paliponse pofunika. Chimene anadandaula nchakuti bwato lija silinaoneke mokwanira.